Chitseko Choyesera Mawilo

Mpaka lero ndikamva fungo la mphira wopserera, mtima umandibwezera kuseri kwa nyumba yathu ya ku Kafue, pakati pa mpopi wodontha ndi mtengo wa mapapaya. Fungo limenelo linkatuluka atate akachotsa msomali wofiira pambaula n'kuboola nawo pakati pa wilo lodula ku patapata yakutha. Utsi wake unkalowa m'maso, m'tsitsi ndi m'zovala zoyanika pachingwe, moti amayi ankati ngakhale nshima yathu ikununkha galaja. Inali holide ya mu Ogasiti, nyengo ya mphepo ndi fumbi. Kutsidya kwa njanji udzu unkapsa tsiku lonse, phulusa lake n'kumagwera pakhonde, ndipo m'mawa ogulitsa nsomba a ku Chanyanya ankadutsa panjinga akuliza mabelu.

Chaka chimenecho ana onse a m'komboni mwathu anali atapenga ndi timagalimoto totsetsereka. Sitinali ta waya toyendetsa ndi chiwongolero ayi. Tinali ta thabwa, kutalika ngati nsapato ya munthu wamkulu, topanda injini, topanda chingwe. Kuseri kwa siteshoni kunali shedi yakale ya katundu, ndipo pakhomo pake panali chitunda cha simenti chomwe kale ankakwezerapo matumba. Pamenepo ndi pomwe tinkapikisanira Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Lamulo linali limodzi: ungoika galimoto pamwamba n'kuchotsa chala. Wokankha ankathamangitsidwa ndi mfuwu. Choncho mphamvu za mwini galimoto zinalibe ntchito. Nkhani yonse inali m'mawilo ndi mu ekiselo, kachitsulo kodutsa pansi kogwira mawilo awiri.

Atate ankagwira ntchito ya zitsulo ku fakitale ya feteleza. Makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, iwo n'kubadwira konkuno, koma Chichewa cha kwawo sanachitaye, makamaka akakwiya. Anali munthu wa mawu ochepa ndi manja okhakhala, wosakhulupirira chinthu chimene sanachiyese yekha. Ngakhale mpando watsopano ankayamba augwedeza asanaukhalire. Ana ena ankangokhoma mawilo n'kuthamangira kuchitunda, koma kwathu wilo linkayamba lalemba mayeso.

Mayeso ake anali otere. Ekiselo tinkaidula ku sipoko ya njinga. Atate ankaigudubuza pa galasi lomwe linagwa pazenera la kukhitchini. Sipoko yowongoka inkayenda mwakachetechete, koma yokhota, ngakhale pang'ono bwanji, inkadziulula yokha ndi kaphokoso koti ti, ti, ti. Ikakhoza pamenepo tinkailowetsa m'kachubu ka bolopeni yotha inki, n'kupalira mtima wa pensulo m'katimo kuti iziterera. Mafuta ophikira atate ankawakana, ankati amaitana fumbi. Kenako tinkaveka mawilo n'kupita nazo pachitseko. Chinali chitseko chakale cha kubafa, chogonekedwa pa njerwa mbali imodzi, cholembedwa mzere wa choko pakati. Mawilo abwino ankatsata mzerewo mpaka pansi. Oipa ankapatuka ngati munthu wochokera kumowa n'kukagwera m'matope a pampopi.

Pantchito yonseyi ine ndinali ndi udindo wanga, ndipo ndinkanyada nawo kwabasi. Makutu a atate anali atayamba kuvuta, poti moyo wawo wonse anakhala pakati pa makina, ndiye womvetsera ndinali ine. Ndinkagwada pafupi ndi galasi, kugoneka mutu, n'kunena ngati sipoko ikulira kapena ayi. Ankazunguza wilo pafupi ndi khutu langa, ine n'kuweruza. Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ndipo akulu anga analibe nazo ntchito za mphira ndi choko. Anzanga ankandinena kuti Esnati ndi chimuna, koma sizinkandikhudza. Pachitsekopo tinkakhala awiriwiri, ine ndi atate.

Koma musaganize kuti ankandinyengerera. Mawu amene ndinawamva kwambiri pakamwa pawo anali amodzi: "Bwezanso." Ndikadula wilo ndi mpeni, n'kulipala pa simenti mpaka zala kuchita matuza, ankaliyang'ana padzuwa n'kuliponya mu ndowa ya zinyalala. "Dzira ili, si wilo. Bwezanso." Bowo likaphonya pakati, bwezanso. Mawilo akapatuka pamzere ndi chikhadabo chokha, bwezanso. Nthawi zina ndinkalira, koma ndinkadzitonthoza kuti ndi mmene analengedwera atate, kuti pakamwa pawo Mulungu anaiwala kuikapo mawu oyamikira.

Ndiye kunabwera Mabvuto.

Anali mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa atate, amene anamwalira ku Chipata chisanu cha chaka chomwecho. Atate anapita kumaliro okha, pobwera anatsika basi ndi mnyamata wa msinkhu wanga, wowonda, wa makutu aakulu, zovala zake zili m'kathumba ka pulasitiki. Azimayi a pamzere wathu atangomva kuti ndi msuweni wanga anayamba zawo zija. "Esnati, bamuna bako bafika! Uzibaphikila bwino!" Ndinkadziwa kuti asuweni amaseleulidwa choncho, komabe ndinkafuna kuwagenda. Masiku oyamba ndinamumvera chisoni. Sankalankhula, ankadya atazolika, ndipo sitima ikalira ankadzidzimuka.

Chisonicho chinatha tsiku limene ndinabwera kogula tomato n'kumupeza atagwada pamalo panga, khutu lake lalikululo lili pa galasi. Atate anali atamupatsanso mpeni wanga. Anadula wilo lake loyamba, ndipo ndikunenetsa, linali lokhota ngati mbatata. Ndinaima pambali, tomato ali m'manja, kudikira kuti lilowe mu ndowa. Atate analitembenuza, analiyang'ana padzuwa, kenako anati, "Zili bwino, a Mabvuto."

Zili bwino! Ndiponso "a Mabvuto"! Ine ndinali "iwe" chibadwire. Ndinamva ngati wina wandithira tsabola pamtima. Mawu aja ndinkati mulibe m'kamwa mwawo anali momwemo nthawi yonseyi, ankangosungira mwana wa mlongo wawo.

Mawilo a Mabvuto atawaika pachitseko anapatuka asanafike n'pakati pomwe, n'kugwera m'matope. Atate anawatola, anawapukuta ndi malaya awo, nati mphepo ndiyo yawakankha. Mphepoyo inali yomweyo imene inkaomba ine ndikamayesa anga. Chakumadzulo, Mabvuto atapita kukasamba, ndinawaona atate akupala mawilo aja ndi tupa, mofulumira ngati akuba, n'kuwabweza pamene mwini wake anawasiya. Anga sanawakhudzepo ndi tupa ngakhale tsiku limodzi.

Ndinalowa kukhitchini nditafufuma ngati finye. Amayi ankasankha nyemba pa lichero, ndipo ndinawafunsa ngati ine anachita kunditola kumsika. Anaseka mpaka nyemba zina kugwa pansi. "Mabvuto ndi mbumba yawo," anatero. "Kwathu mwana wa mlongo ndiye wako weniweni. Atate ako ndi amalume ake, ndiwo eni ake tsopano. Iwenso amalume ako uli nawo." Amalume angawo ndinkawadziwa pachithunzi chokha, bambo wa chipewa wokhala kutali ku Malawi, amene sanandiboolerepo wilo ngakhale limodzi. Ndinaona kuti mwambowu wandibera dzuwa likuswa mtengo: Mabvuto watenga atate anga, ine andisiyira chithunzi. Amayi anawonjezera kuti ndisamachite nsanje ngati mkazi wa pamitala, mnzangayo alibe mayi. Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ukakangana ndi mwana wamasiye palibe amene angakuikire kumbuyo.

Chimene chinandimaliza chinali m'kachitini ka polishi. Pamwamba pa kabati ya kuchipinda atate ankasungapo timaberingi tinayi, tizitsulo tothandiza wilo kuzungulira mofewa, tochokera m'makina ena akufa, tating'ono ngati mabatani a malaya, tonyezimira. Ukazunguza kamodzi sikankafuna kuima. Ankati adzatiika pa galimoto yoyenera, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti wilo langa likadzangokhoza mayeso onse, tidzakhala tanga. Loweruka lina ndinamva kachitini kaja kakutsegulidwa kuseri kwa nyumba. Pofika masana tinali titalowa m'mawilo a Mabvuto. Galimoto yake anaipaka penti yofiira yotsala pokonza geti, ndipo anyamata a mizere ina ankabwera kudzasuzumira pampanda.

Nsanje ndi matenda oipa, chifukwa imakunola maso. Ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Ndinkaona mbali ya nsomba imene yapita m'mbale mwake. Ndinkaona kuti atate akabwera kuntchito amayamba kufunsa ngati a Mabvuto adya, pamene ine amangondipatsira nsapato kuti ndikaike m'nyumba. Ndinkaona kuti iye akagwetsa kapu amati ngozi, ine ndikagwetsa amati manja a phala. Ngakhale kutsokomola kwake kunkandinyansa. Kutchalitchi ndinkagwada naye benchi imodzi, ndikupempha Mulungu kuti papezeke amalume ena, olemera, okhala kutali, odzamutenga.

Ndinasiya kupita pachitseko atate akakhalapo. Ndinkadikira kuti anyamuke m'mawa ndi kachikwama kawo ka chakudya, kenako chitseko ndi galasi zinkakhala zanga. Ndinatsimikiza mtima kupanga galimoto ndekha, yopanda beringi, yopanda penti, yoti idzasiye yofiirayo kumbuyo atate akuona ndi maso awo. Ndinkapita kwa okonza njinga kumsika kukapempha masipoko otha, n'kubwera nawo chimtolo, ndipo ambiri galasi linkawakana. Ndinkatola mapatapata m'ngalande ndi kudzala, amayi n'kumandikalipira kuti ndikudzaza nyansi pakhomo. Ndinatulukira ndekha kuti wilo lodula kuchidendene limapendekeka, poti mwini patapata anadyako mbali imodzi poyenda, ndiye ndinkadula pakati, pamene phazi silipondapo kwenikweni. Ndinatulukiranso kuti wilo lopyapyala limapita patali kuposa lonenepa. Panalibe wondiuza kuti ndibwezenso, koma ndowa inkadzaza chimodzimodzi, chifukwa mawu aja anali atasamukira m'mutu mwanga.

Mabvuto ankakhala pa njerwa pafupi ndi mpopi n'kumandiyang'ana. Ankayang'ana mmene ndikugonekera khutu, mmene ndikutayira wilo loti iye akanalisunga. Tsiku lina anayandikira, mawilo ake ali m'manja.

"Esnati, unimveleleko yanga. Yalila olo siyalila?"

"Yenda ukafunse bamalume bako," ndinamuyankha osacheuka. "Banakamba kuti yali bwino."

Anabwerera pa njerwa yake. Kumva ndinali nditamva kale. Ekiselo yake yakumbuyo inkalira moti ngakhale nkhuku zikanamva.

Loweruka loti mawa lake kuli mpikisano womaliza sukulu isanatsegulidwe, ndinalephera kupirira. Ndinatenga galimoto yanga n'kuiika pamaso pa atate. Anaitembenuza, anaiika pamwamba pa chitseko, n'kuchotsa chala. Inatsata choko ngati sitima panjanji, inatsika, n'kupitirira mpaka pa tsinde la papaya. Ndinawayang'ana kumaso. Ndinati lero lokha anena. Anaitola, anagwira mawilo limodzilimodzi ndi zala zawo zokhakhalazo, n'kuima pa lakumbuyo. "Ili likugwedera. Bwezanso." Ndinaliika pakhutu ndi mkwiyo, ndikufuna kuwatsutsa, ndipo ndinapeza kuti akunena zoona. Ndinalidulanso misozi ikugwera pa mphira.

Lamlungu lake atate anabwera nafe kuchitunda atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ana anali atadzaza mbali zonse, ena atakwera pa ngolo yakufa ya sitima, ena akudya nzimbe n'kumalavulira makoko pa simenti. Galimoto yofiira itatuluka kunamveka mluzu. Yanga sinayang'anidwe n'komwe, kupatula kamnyamata kena komwe kanafunsa ngati ndabweretsa chotsukira mbale. Tinapikisana m'magulu, ogonja n'kumachoka, ndipo timaberingi tija tinamunyamula Mabvuto mpaka kumapeto, ngakhale galimoto yake inkafika pansi itayang'ana kwina. Potsiriza tinatsala iye, ine ndi mwana wina wa kumayadi.

Tinagwada pamwamba, chala pa galimoto. "Osapusha! Osapusha!" anthu ankakuwa, kuletsa kukankha. Tinachotsa zala. Yofiira inatsogola. Koma chitunda n'chachitali kuposa chitseko, ndipo kukhota kochepa kumakula ndi ulendo. Isanafike pansi inayamba kupatukira kumanzere, inakhula m'mphepete, inadumpha n'kukagwera chagada m'fumbi, mawilo akuzungulira m'mwamba. Yanga inatsika mowongoka, inadutsa ya kumayadi, inadutsa pamene magalimoto onse ankaimira, n'kukaima m'maudzu oyandikira njanji. Ana anakuwa dzina langa, ngakhale aja ankanditcha chimuna.

Sindinathamangire galimoto. Ndinatembenuka kufunafuna atate.

Anali atandifulatira. Ankatsika mbali ina ya chitunda, kupita pamene panagwera yofiira. Anaitola, anauzira fumbi, anaika dzanja paphewa la Mabvuto, ndipo ndinawamva bwinobwino, poti makutu anga sanandinamizepo. "Zili bwino, a Mabvuto. Simentiyi ili ndi maenje."

Pobwerera kunyumba anatenga yanga m'manja mwanga, anaiyeza kulemera, n'kundibwezera. "Ukanaika kachitsulo kumbuyo, ikanafika panjanji penipeni." Basi, mawu awo anali omwewo. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula madzi kuti asandimve, n'kulira mpaka mutu kuwawa. Ndinali nditagonjetsa komboni yonse, koma chimene ndinkachifuna chinapita kwa wogonja.

Sukulu inatsegulidwa, kenako mvula inabwera, ndipo ana anapengera zina. Amalume olemera aja sanabwere. Mabvuto anakulira m'nyumba mwathu, tinayenda njira imodzi ya kusukulu, ndipo pang'onopang'ono anasanduka munthu amene ndimathamangira kwa iye zinthu zikandivuta. Za mawilo sitinazikambeponso.

Atate anapuma ntchito kalekale, ndipo tsopano amakhala pa kamunda kawo ku Shimabala. Chaka chathachi, nthawi yokolola, tinakumana kumeneko ine ndi Mabvuto, tonse tili ndi ana athuathu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikutonola chimanga, ndipo ndinaikumbutsa nkhaniyo moseka, kuti holide ija ndinatsala pang'ono kufa ndi nsanje chifukwa cha iye. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anasiya kutonola n'kundiyang'ana.

"Iwe unali na jelasi na ine? Ine ndiye nenze kukufela jelasi. Uganiza sinenze kuziba kuti ma wilo yanga yenze yoipa? Nenze kupeza bamalume bayapala, nangokhala zii. Nenze kuyembekeza che kuti siku limozi bazatenga wilo yanga baitaye mu ndowa monga yako, banikalipile, kuti nizibe kuti nafika pa nyumba." Anatola chitsononkho n'kuchiponya pamulu. "Mpaka lelo nikabwela kuno bamanitulutsila mupando. Iwe bamakutuma."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mawu ofewa ndiwo mbale ya mwana wokondedwa, ndipo ndinkaona kuti mbale yanga apatsa wina. Lero ndikudziwa kuti atate ankamuopa Mabvuto, monga mmene munthu amaopera kugwira chinthu chosweka kale. Analephera kupulumutsa mlongo wawo, ndipo sanadziwe njira ina yomulirira koma kupala mawilo a mwana wake mobisa. Ine sankandiopa, chifukwa ankadziwa kuti ngakhale atandikalipira chotani, kulibe kumene ndingapite. Zonsezi ndikuzimvetsa, koma kumvetsa sikukhutitsa, ndipo sindibisa kuti mawu awiri aja ndikuwafunabe.

Chimene sindinachidziwe n'chakuti pa njerwa ija pankakhala munthu wanjala ngati ine ndemwe. Iye sankafuna zambiri. Ankangofuna wina wa pakhomopo womuuza kuti wilo lake n'loipa, ndipo mawu amenewo ine ndinali nawo pakamwa tsiku lililonse.